"Zili bwino, pitirizani"

Pali bodza limodzi limene ife a m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Kande mpaka ku Bandawe, timalinena osaphethira n'komwe. Mnyamata akabwera ndi kope lodzaza nkhani yake yopeka, timalilandira ndi manja awiri, kulisunga kunsi kwa pilo mpaka chikuto chitafewa, kenako kulibweza ndi mawu akuti "Zili bwino, pitirizani." Pa luso limeneli ine ndine mphunzitsi wamkulu. Ndimatha kuyamikira mathero a nkhani imene chiyambi chake sindinachione, nkhope ili gwa ngati ya mkulu wa mpingo. Koma ndikunenetsa kuti ulemu woterewu wapha alembi ambiri kuposa kusowa kwa mapepala.

Taonani zimene timalola kudutsa. Nkhani iyamba dzuwa likulowa. Mtsikana wokongola "ngati mngelo" anyengedwa ndi mkulu wochokera ku Joni, atenga pakati, amwalira pa tsamba lomaliza, ndipo wolembayo akwera pa gome kutilalikira. Zikamukanika kumaliza, munthu uja adzidzimuka: anali maloto. M'nkhani yonseyo simumva fungo la usipa pa thandala, palibe amene akudya kondowole, mwera suwomba, ndipo asodzi akuyankhula ngati oulutsa nkhani pa MBC. Mwanayu wakulira ku Chintheche koma nkhani yake ikhoza kuchitikira kulikonse, ndiye kuti sikuchitikira kulikonse. Kumuuza zimenezi si nkhanza. Osoka ukonde sanena kuti "ukondewu ndi woipa," komanso sanama kuti uli bwino. Amapisa chala pa chibowo n'kunena kuti nsomba zikuthawira apa. Ndemanga yothandiza imatchula tsamba, imanena pamene pagwira mtima, ndipo imafunsa: kodi mayi ake a mtsikanayu anali kuti nthawi yonseyi? Funso limodzi lotere limaposa matamando a mudzi wonse.

Ena anena kuti mukamudzudzula asiya kulemba, komanso mwina ndi mlamu wanu, mawa mukumana pa maliro. Mfundo ya mlamuyo ndikuimva, chifukwa mantha anga ambiri amachokera komweko. Koma mbiri sikugwirizana nafe. Mu 1970 ku Chancellor College kunayamba gulu la Writers Group, kumene alembi ankawerengerana zolemba zawo n'kumadzudzulana maso ndi maso. Jack Mapanje anali mmodzi mwa oliyambitsa, ndipo sanathawe; mu 1981 anatulutsa Of Chameleons and Gods. Samuel Josia Ntara sanapereke buku lake la Nthondo kwa azakhali ake kuti amuwombere m'manja. Analitumiza ku mpikisano kwa oweruza osamudziwa, ndipo linapambana. Ngakhale buku la Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira konkuno amene anagwedeza South Africa ndi bungwe la anthu ogwira ntchito la ICU, linadutsa m'manja mwa mkonzi lisanatuluke mu 1970. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Sanati wakuthyola khutu, n'chifukwa chake zolakwa makumi awiri sitizikhuthula tsiku limodzi. Sankhani ziwiri zazikulu, zolakwika za kalembedwe ka mawu zidikire.

Funso lopweteka kwambiri ndi lakuti, "Inuyo munalembapo buku lanji?" Yankho ndi lakuti palibe. Cholembedwa changa chachitali kwambiri ndi dzina langa m'kope la ngongole pa golosale, ndipo chimenecho chimasindikizidwanso mwezi uliwonse. Komabe wowerenga ali ndi umboni umene wolemba sangaupeze payekha: amadziwa pamene anayamba kuwodzera. Ngati tulo tinandigwira pa tsamba 7, sindikufunika digiri ya ku Mzuni kuti ndichitire umboni. Chimene ndilibe ndi ufulu womulembera nkhaniyo. Ndinene pamene ndinasochera, njira akonze yekha, chifukwa anthu ngati ine tikapatsidwa mpata timafuna kuti m'nkhani iliyonse mukhale mkulu wanzeru wofanana nafe, amene akazi onse akumulimbirana.

Chotsutsa chimodzi chokha ndicho chandigonjetsa. Mukamuuza zoona mnyamatayo, ndipo iye n'kumvadi, amakakonza. Akakonza amabweranso, kope lili lachiwiri, lonenepa kuposa loyamba, ndipo ulendo uno amakhala pa khonde pompo kudikira kuti muwerenge iye akuona.