Safunsa Adadya Phula, Wofunsa Kompyuta Adadya Chiyani?

Mlendo akatsika minibasi pa Ulongwe n'kufunsa njira ya kumudzi kwa apongozi, yankho limakhala lokonzeka kale: "Ndi pompano, mukangodutsa mlambe uwo." Milambe ku Balaka ndi yosawerengeka, ndipo "pompano" wa munthu wozolowera kuyenda pansi amatha kudya maola awiri ndi chidendene cha nsapato. Komabe mlendoyo amafunsa ndithu, poti makolo adaneneratu kuti safunsa adadya phula, uchi uli poteropo.

Lero ambiri amafunsa foni. Choseketsa n'chakuti kachipangizo ka GPS kamene akukadalirako ndiko safunsa weniweni. Sikatumiza funso lililonse kumwamba. Masetilaiti osachepera 24, amene amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, amangolengeza nthawi ndi pamene afika, ngati wailesi yosasamala kuti akumvera ndani. Kachipangizoko kamatchera khutu kwa anayi mwa iwo, kamawerengera, basi kadziwa kuti kali pa Kamuzu Barrage osati pa Ntaja.

Mavuto amayamba kakalumikizidwa pa kompyuta. Kamafuna kulankhula ndi pulogalamu imodzi pa nthawi, monga mjigo umene sudzaza ndowa ziwiri limodzi. Mapu akufuna kudziwa malo, wotchi ikufuna nthawi, pulogalamu yolemba ulendo nayo yaima pamzere ndi chigubu chake. Kuwonjezera apo, zipangizozi sizilankhula chimodzi. Zambiri zimayankhula NMEA 0183, zina zili ndi chinenero cha kampani yawo, kotero kuti phokoso lake limaposa la msika wa Liwonde, kumene Chiyao, Chilomwe ndi Chichewa zimagulitsana nsomba popanda womasulira.

Womasulira wa makinawa dzina lake ndi gpsd. Adaiyamba ndi Remco Treffkorn m'zaka za m'ma 1990, kenako Eric S. Raymond adaiyendetsa kwa zaka zambiri, pambuyo pake udindo n'kugwera Gary Miller. Ntchito yake ndi ya nyakwawa: imakhala pafupi ndi kachipangizo, imamva zonse, imamasulira m'chinenero chimodzi chotchedwa JSON, n'kukhala pakhomo nambala 2947 kudikira ofunsa. Abwere khumi, abwere makumi awiri, onse amayankhidwa ndipo palibe amene amauzidwa kuti abwere mawa. Ndi yaulere, ndipo aliyense wodziwa za makompyuta ali ndi ufulu wotsegula m'mimba mwake, kuona mmene idalukidwira, ngakhale kusokererapo chigamba. Imapezeka m'maboti, m'ndege zopanda woyendetsa ndi m'makompyuta amene amagawira anzawo nthawi pa intaneti.

Ku Machinga nzeru yotereyi ili ndi msuweni wake. Kumalo osungirako nyama a Liwonde, amene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, njovu zina zimavala makolala a GPS. Pulogalamu ya EarthRanger imasonkhanitsa uthenga wa makolalawo pamodzi ndi wa alonda oyendera nkhalango, zonse n'kuoneka pa mapu amodzi. Njovu ikayamba kuyandikira mpanda ili ndi maganizo a chimanga cha eni ake, alipo amene akuiona. Njovu siifunsa njira, ndipo ku Liwonde zidachulukana mpaka zokwana 263 zidasamutsidwira ku Kasungu mu 2022, ulendo wa pagalimoto umene nazonso sizidafunsidwe.

Koma mwambi uja uli ndi mpata umene makolo sadautseke. Sunena kanthu za munthu amene wafunsadi mwaulemu, koma wofunsidwayo n'kumuloza kuphula.

GPS imawerenga masabata kuchokera pa 6 January 1980, ndipo kathumba kosungira nambala ya sabata m'uthenga wake wakale n'kakang'ono: kamadzaza pa 1,024, zaka pafupifupi 20, kenako kamayambiranso pa ziro. Zidatero mu August 1999, zidateronso mu April 2019. Mu 2021 kudapezeka kuti gpsd ya 3.20 mpaka 3.22 inali ndi kachilema, ndipo kachilemako kanali mu mzere umene adaulemba dala kuti uzigwira madeti okayikitsa. Mlonda ndiye adali wakuba. Pofika pa 24 October 2021, nyakwawa ija ikadayamba kuuza aliyense wofika pakhomo 2947, nkhope ili gwa, kuti tsopano ndi March 2002. Kwa Mmalawi chimenecho si chaka chobwererako mwamasewera, poti ndi nyengo ya njala imene akuluakulu amaikumbukabe. Nawo makompyuta sakayika ngati mlendo wa pa Ulongwe, amene akauzidwa za mlambe amakafunsanso mayi wogulitsa zitumbuwa kuti atsimikize. Akauzidwa 2002, amalemba 2002.

Chidapulumutsa zinthu n'chakuti m'mimba mwa gpsd ndi mosatseka. Cholakwikacho chidaoneka tsikulo lisadafike, gpsd 3.23 yokonzedwa idatuluka mu August 2021, ndipo bungwe la boma la America loona za chitetezo cha makompyuta, CISA, lidachenjeza onse kuti asinthe msanga. Amene phula lidawadikira ndi okhawo amene adaika pulogalamuyo kalekale n'kuiwala kuti iliko.

Kathumba ka masabata kaja kadzadzazanso mu November 2038. Milambe ya pa Ulongwe idzakhala ikadalipo, ndipo kwa apongozi kudzakhala kukadali pompano.