Wotchi ya Tsokonombwe

Akale anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Akanakhala ku Paris pa 12 Novembala 1906, akanaomba m'manja kuti mwambi wawo wapherezera. Tsiku limenelo Alberto Santos-Dumont, mwana wa mlimi wolemera wa khofi wa ku Brazil, anadumphitsa ndege yake yotchedwa 14-bis mamita 220 pa masekondi osakwana 22. Mzinda wonse unatekeseka, chonsecho mtunda wake mwana wotumidwa mchere amautha asanayambe n'kung'ung'udza komwe.

Tsokonombwe ameneyu anali ndi vuto limene mnzake wa kutchire alibe. Njonda za masiku amenewo zinkasunga wotchi m'thumba, yomangirira ku tcheni, pakuti ya pamkono inali ya amayi. Nanga munthu ali m'malere, manja onse ali pa zowongolera, apisa bwanji m'thumba? Mu 1904 anadandaulira bwenzi lake Louis Cartier, katswiri wa zokongoletsera zagolide, ndipo iye anamupangira wotchi ya makona anayi ya lamba wachikopa. Pofika 1911 inali pamsika, dzina lake Santos.

Kudumpha kuja kunakula. Louis Blériot anawoloka English Channel mu 1909. Mu 1927 Charles Lindbergh anauluka yekhayekha kuchoka ku New York mpaka ku Paris, maola 33 ndi theka osatera. Pamwamba pa nyanja palibe wofunsa njira. Kuti udziwe pamene uli, unkadalira dzuwa, nyenyezi ndi nthawi yolondola. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho wotchi ikanama ndi mphindi zinayi zokha, wasochera digiri yathunthu, kumene kukhoza kukhala makilomita oposa 100. N'chifukwa chake Lindbergh anagwirizana ndi kampani ya Longines, ndipo mu 1931 anatulutsa wotchi yothandiza kuwerengera malo, Hour Angle.

Palibe chimene chinaikidwa pa wotchi zoterezi chifukwa cha matama. Za ankhondo a ku Germany, zotchedwa B-Uhr, zinali zazikulu mamilimita 55 kuti maso aone ndege ikunjenjemera. Manambala ankawala mumdima. Lamba anali wautali poti ankamangidwa pamwamba pa jekete, ndipo kopukusira kanali kakakulu chifukwa zala zinali m'magolovesi, kuthawa chisanu cha kumwamba.

Ife a lero mwambi uja tinautembenuza: mtunda tikufuna kuutha titakhala pansi, bola mkono uzioneka wodumpha. Taonani bwana wa mu ofesi amene wakwinya malaya dala mpaka m'chigongono. Wotchi yake ndi ya mtundu wa Breitling Navitimer, ya mkombero wowerengera liwiro la ndege ndi mafuta otsala. Iye mafuta amene amawadziwa ndi a galimoto ya ngongole, ndipo malo okwera kwambiri amene anafikapo chaka chino ndi nsanjika yachitatu, pa chikepe. Mnzake ali ndi yofanana ndi Rolex GMT-Master, imene inapangidwira oyendetsa ndege a Pan Am m'zaka za m'ma 1950, ya muvi wachinayi wosonyeza nthawi ya dziko lina. Muviwo ntchito ikadalipo: umamuuza ngati alamu ake a ku London adzuka, kuti awakumbutse za kangachepe kaja. Onse awiri kumsonkhano wa 8 koloko amafika 9 koloko, akupepesa mwaulemu.

Oyendetsa ndege enieni anasiya kale kudalira mkono. GPS ndi makompyuta a m'ndege ndi amene amawauza pamene ali.

Tsono yesani kumufunsa bwana uja kuti nthawi ili bwanji. Ayang'ana pamkono, atsinzina pang'ono pakati pa mivi ndi timanambala tambirimbiri, kenako apisa m'thumba n'kutulutsa foni. Cartier anavutika kutulutsa nthawi m'thumba, ife taibwezeramo tokha, n'kulipira ndalama zankhaninkhani kuti mkono uzikana mlanduwo.