Malangizo kwa Ofuna Kunamiza Nsomba ndi Nthenga ku Dedza

Achimwene, ngati mpira wakutopetsani, bawo yakukanani, ndipo m'thumba muli kangachepe kosowa kolowera, yambitsani kalabu yowedza nsomba ndi nthenga. Awa ndi masewero a anthu olemekezeka. Za nyongolotsi iwalani, imeneyo ndi nyambo ya ana a sukulu ndi anthu amene akufunadi ndiwo. Inu mumatenga mbedza n'kuiveka nthenga ndi ulusi mpaka ioneke ngati kachilombo, kenako mumakaima m'madzi kudikira nsomba yoti ikukhulupirireni.

Musathamangire kumtsinje. Yambani ndi komiti: wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma ndi mkulu woona za mwambo. Wapampando akhale mwini galimoto, ngakhale asanakhudzepo mbedza chibadwire. Msungichuma akhale munthu wosakonda kusamuka.

Mbiri muidziwe pang'ono, alendo amafunsa. Nsomba yofunika pa masewerowa ndi trout, ndipo ya kuno, ya mzera wofiirira m'nthiti, kwawo ndi mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America. Angerezi a nthawi ya Nyasaland anaibweretsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 n'kuiika m'mitsinje ya paphiri la Zomba, kenako inafika ku Mulanje ndi ku Nyika, kumene amaiwedza m'madamu a ku Chelinda. Taganizani, anthu anapeza nyanja yodzaza chambo ndi kampango, koma anaitanitsabe nsomba yakunja yoti azikaifunafuna m'nkhungu pamwamba pa phiri. Mtima umenewo ndi umene kalabu yanu ikufuna.

Wina akakufunsani kuti bwanji ku Dedza, muyankheni ndi manambala. Tauni yathu ndiyo yokwera kuposa matauni onse m'Malawi, pafupifupi mamita 1,600, ndipo phiri lathu limayandikira mamita 2,200. Trout imafuna madzi ozizira, akapitirira madigiri 20 imayamba kuvutika. Kuzizirako tili nako kokwanira, afunseni amene anasambapo m'mawa ku Bembeke mwezi wa June. Pamenepo lekezani. Musapitirize kunena kuti nsombayi imafunanso madzi oyera, mthunzi wa mitengo m'mbali ndi timiyala pansi poikira mazira. Mitengoyo inapita kale ku Lilongwe m'matumba a makala, kachewere ndi kabichi talima mpaka kutsikira m'madzi, ndipo mvula ikagwa Linthipe amasanduka thobwa. Nsomba yodya nthenga imadya ndi maso, ndiye m'matope amenewo ione bwanji luso lanu? Ngakhale mpasa, nsomba yathuyathu imene imachoka kunyanja kukwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswana pamiyala, ikuchepa chifukwa cha matope omwewo ndi maukonde otchinga njira. Nkhaniyi musaibweretse pamsonkhano, chifukwa theka la komiti lili ndi madimba.

Tsopano kumanga kachilombo, pamene pagona ulemu wonse wa kalabu. Panani mbedza pa kachitsulo kuti isagwedere. Zengani ulusi kuchokera ku diso la mbedza kupita kokhota, mangirirani tinthenga titatu kapena tinayi kuti tikhale mchira, bwererani ndi ubweya kupanga thupi. Kenako tengani nthenga yayitali ya m'khosi mwa tambala n'kuizunguliza kumutu mpaka timinga take tiime njoo mbali zonse. Timinga timeneto ndi timene timayandamitsa mbedza pamwamba pa madzi. Mukafuna kachilombo komira, kofanana ndi timphutsi tokhala pansi pa miyala, onjezani kawaya. Mfundo yomaliza imangidwe bwino, apo ayi ntchito ya usiku wonse imasuka poponya koyamba, ndipo mlembi alemba.

Nthenga za nkhanga ndi zabwino chifukwa cha mawanga ake. Za tambala zilipo pakhomo pomwepo, ingosamalani kuti asakhale wa apongozi. Tambala wometeka khosi amayenda mudzi wonse kuchitira umboni, ndipo mlandu wake sutha ndi pepani.

Mukatopa mukhoza kugula zomangamanga. Ku Kenya kuli anthu ambiri amene ntchito yawo ndi kumanga tizilombo totere n'kumatumiza ku Ulaya ndi ku America, amadyetsa mabanja ndi nthenga. Inu musatengere zimenezo, kupeza phindu kungachotse ulemu wa masewero. Ingolowezani maina a tizilomboto, monga Mrs Simpson ndi Walker's Killer, muziwatchula mokweza pamalo omwera tiyi. Wina akuuzani kuti mvula yoyamba ikagwa nsomba zimapenga ndi ngumbi, bwanji osangokola ngumbi yeniyeni pambedza. Ameneyo mulipitseni chindapusa. Komanso ngumbizo ana akazinga kale.

Kuponya kuli ndi chinsinsi chake. Kachilombo kanu kalibe kulemera, cholemera ndi chingwe, ndiye mumachikupiza m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo mpaka chitambasuke, chinyamule nthengayo n'kukaitera pamadzi mwakachetechete. Kumbuyo kwanu kumafunika malo aakulu ngati kutsogolo. Mukayesera pafupi ndi mitengo ya paini ya ku Chongoni, chogwira chanu choyamba chidzakhala nthambi, chachiwiri khutu la wachiwiri kwa wapampando. Chipewa ndi magalasi n'chifukwa chake amavala, si matama okha. Ophunzira amayesera pouma, choncho pitani pabwalo la mpira m'mamawa anthu asanadzuke. Bambo wamkulu wowedza pa kapinga, m'mudzi amamumasulira mwina, ndipo sachedwa kuitanitsa abale.

Tsiku lalikulu likafika valani nsapato za mphira zofika pachifuwa, lowani m'madzi, imani. Chapafupi padzakhala kamnyamata koweta ng'ombe kakuvuula mono wodzaza matemba. Musakayang'ane. Kalibe chiphaso cha kalabu, sikadziwa Mrs Simpson, kakungodziwa pamene pali nsomba.

Mwina Chauta n'kukukomerani mtima, kanthu n'kukoka chingwe. Apa ndiye pamafunika kulimba mtima, pakuti mwambo wa akatswiri ambiri masiku ano ndi wobwezera nsomba m'madzi. Nyowetsani manja kuti musaisupule, chotsani mbedza mofatsa, jambulitsani chithunzi mutaitambasulira ku kamera kuti ikule, kenako itayeni ipite. Kamnyamata kaja kadzakufunsani kuti, “Bambo, yawola?” Kayankheni kuti mukuteteza chilengedwe. Kadzagwedeza mutu mwaulemu, n'kutsikira kumunsi kukatchera pamene yalowera.

Chatsala ndi kunyumba. Mwachoka m'bandakucha, mafuta a galimoto mwasonkha, tambala ali ndi chifuwa, ndipo amayi akunyumba atereka kale madzi a nsima. Chithunzi cha pafoni sapsa nacho mtima msanga, amayamba afunsa kuti achithire tomato kapena nsinjiro. Mamembala ozindikira amabwerera njira yotalika: amatsika Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, kumene nsomba zimagwidwa ndi ndalama. Pogula samalani. Chambo ayi, amayi akudziwa kuti sichikwera phiri. Usipa ayi, palibe angakhulupirire kuti munamanga nthenga ya kamodzikamodzi. Gulani mlamba, ndipo muonetsetse kuti si wowamba.