Mamafini a Madamu

M'tauni muno munthu akangogula uvuni wamagetsi, dzina la chigumu limamuthawa m'kamwa. Ndiye Madamu a ku Area 47 atalengeza pa gulu la WhatsApp kuti Loweruka amayi a banki m'khonde adzadya mamafini a blueberry, palibe anafunsa kuti blueberry n'chiyani. M'tauni kufunsa n'kudzichotsa ulemu. Onse anangotumiza timitima.

Tizipatsoti kwawo ndi ku North America. Anayamba kutilima togulitsa ku New Jersey mu 1916, ndipo mu 1988 a ku Minnesota anachita kukhazikitsa lamulo loti mafini a blueberry ndiwo a dera lawo. Madamu anaziwerenga pafoni zimenezi, koma amazifotokoza mokhala ngati ku Minnesota n'kwa agogo awo aakazi. Kuno anakatipeza m'sitolo yaikulu, m'kabokosi ka magalamu 125, ndipo ataona mtengo anatsokomola kaye asanalipire.

Kukhitchini zonse zinali pathebulo: ufa wa tirigu makapu awiri, shuga, mazira, mkaka, batala ndi baking powder. Lamulo la mafini n'losavuta: sakanizani pang'ono basi, mukatakasa kwambiri amalimba. Koma dzanja limene linakulira pa mthiko silimva za pafoni. Madamu anayamba kuvundula ndi mphamvu zonse.

"Madamu, paja mayi wa m'foni uja anati osatakasa kwambiri," anatero mtsikana wantchito.

"Iwe Anti, uvuni unauonera kuti?"

Tizipatso anachita kuwerenga: titatu pa mafini aliyense, ndipo tonse pamwamba, kuti tioneke pachithunzi. M'kati munalowa mabulosi amene Anti anatumidwa kukathyola pa nthambi yodutsa mpanda, ya mtengo wa aneba omwe Madamu sanawapatsepo moni chisamukireni.

Uvuni unatentha kufika pa 190, thireyi inalowa, Madamu anajambula. Mamafini akungoyamba kutukumuka, magetsi phethi! Madamu anaima pakati pa khitchini manja ali kumutu, kuitana Mulungu m'Chingerezi. Anti sanayankhule. Anakoleza mbaula kuseri, anathira mchenga pansi pa poto wamkulu, anakhazikamo tizitini ta mamafini, n'kuvundikira ndi lata, makala amoto pamwamba, monga amaphikira chigumu amayi ake ku Dedza.

"Usaonekere ku geti ndi utsi wakowo," anachenjeza Madamu.

Alendo anafika atatchena. Mwambo wa m'tauni ndi wakuti mbale ikakupeza uyambe wakana: "Ayi zikomo, shuga ndinachepetsa." Kenako ujambule. Kenako utenge ndi zala ziwiri, kachala kakanise kali m'mwamba. Mayi wina, amene anapitako ku Johannesburg kamodzi, anatafuna bulosi la kwa aneba ali chitsinzinire, nati zipatso zakunja zimadziwika ndi fungo.

Apongozi a Madamu, omwe anabwera kuchipatala kuchokera kumudzi, ananyema wawo pakati, kuuyang'anitsitsa.

"Mayi a mwana, chigumuchi n'chokoma ndithu. Koma bwanji chachita nkhungu m'kati?"

Onse anaseka kaseko kopima, ndipo ali mkati moseka, amayi osadya shuga aja anali akutsetserezera mamafini m'zikwama, kuti ana akalaweko.

"Chinsinsi chake n'chiyani, asisi?" anafunsa wina.

"Uvuni wabwino basi," anayankha Madamu, uku akukankha ndi phazi chitseko cha kuseri, kumene Anti ankakwecha mwaye pa poto.

Apa msungichuma anapukuta zala, n'kutsegula kaundula wa ngongole. Dzina loyamba linali la Madamu: ya uvuni, miyezi iwiri osabweza, kuphatikiza chiwongoladzanja.

"Ya mwezi uno ili kuti, asisi?"

Madamu anayang'ana m'mbale, anayang'ana zikwama.

"Mwadya imeneyo."