Mkwatibwi Wobiriwira

Pirinta ija ndinaipha ndekha. Mayi wa kunyumba ndinawauza kuti anaiotcha ndi magetsi, ndipo akukhulupirirabe, pokhapokha awerenge izi.

Ndili ndi kashopu ku Pamodzi mu Ndola, komwe ndimataipa makalata ofunsira ntchito ndi kupirinta makhadi. Mu Ogasiti 2024 ndinapita kwathu ku Katete kukaona mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Ndinkati ndikatha sabata imodzi, koma maliro awiri ndi mowa wa achibale zinandigwira masabata asanu. Nthawi yonseyo pirinta inali phee, yofundika chitenje.

Pobwera ndinapeza alamu anga akudikira makhadi 150 a ukwati wa mwana wawo. Loyamba litatuluka, mkwatibwi anali wobiriwira ngati nkhwani.

"Alamu, uyu ndi mwana wanga?"

Ndinati ndi kavuto kakang'ono, abwere mawa.

Makinawa amasakaniza inki zinayi: yakuda, yachikasu, yabuluu ndi yofiirira. Timabowo tomwe inki imatulukira n'tating'ono kuposa tsitsi, ndipo akakhala nthawi osagwira ntchito, inki imaumiramo. Timabowo ta inki yofiirira tinali titatsekeka, ndiye chikasu ndi buluu zinkachita zofuna zawo pankhope pa mwana wa eni.

Ndinalamula makina kuti adzitsuke okha. Malangizo amati ukatsuka katatu osatheka, uwasiye apume maola angapo. Ine ndinatsuka ka 11 motsatizana, inki n'kutsika ndikuona, yonse kukathera m'kathonje kapansi. Kenako ndinabwereka singano ya amayi osoka pafupi nafe, n'kuyamba kutokosa ngati ndikuchotsa matekenya. Zitakanika, ndinathira spiriti ya pepo ija m'jekeseni, ndi kukankha ndi mphamvu ya munthu wolima. China chake chinalira "thu!" m'katimo. Ndinadziuza kuti chotseka chija chachoka.

Chaka chimenecho madzi ku Kariba anali atachepa, ndiye nthawi zambiri magetsi ankabwera usiku ngati mfiti. Anayaka cha m'ma 2 koloko. Ndinadzuka, osadikira n'komwe kuti ziume, n'kulumikiza. Kanali kautsi kochepa chabe, koma fungo lake linadzutsa nyumba yonse.

M'mawa ndinakwera minibasi ya ku Kitwe, pirinta pamiyendo ngati mwana wodwala. Mmisiri wina chapafupi ndi msika wa Chisokone anatsegula, n'kununkhiza, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mdala, ndani anakutumani?"

Akuti ndikanangonyowetsa kapepala kofewa ndi madzi a batire aja, osati apampopi, n'kukhazikapo mutu wa pirinta, pomwe pali timabowo tija, usiku umodzi. Ndiponso kupirinta tsamba limodzi la mitundu yonse sabata iliyonse, basi. Mtengo wa mutu watsopano ndi bolodi yake atautchula, ndinanyamula maliro anga kubwerera nawo ku Ndola.

Makhadi ndinakapirintitsa kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndine ntchitoyi, ndi ndalama za m'thumba mwanga. Lobiriwira lija alamu anga analitenga, ndipo amalionetsa mlendo aliyense wofika pakhomo pawo.