Luso Lochepetsa Zaka za Mwana Pageti

Kuchepetsa zaka za mwana pageti ndi luso lolemekezeka limene makolo a ku Ng'ombe, mu Lusaka, amalisunga mosamala, ngakhale palibe koleji yoliphunzitsa. Limagwira ntchito paliponse pamene mwana amalipira zochepa kuposa wamkulu: ku Munda Wanga ku Chilanga, kumene kuli nyama ndi maluwa, ku Kalimba, kwa ng'ona ndi njoka, ndi kuchionetsero cha zaulimi ndi zamalonda ku Showgrounds, chimene chimatha pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti. Katswiri wake ndi kholo lililonse lokhala ndi ana anayi koma ndalama za ana awiri.

Maphunziro amayambira m'minibasi. Wochoka ku Ng'ombe kupita ku Chilanga amakwera kawiri, kusinthira m'tauni, ndipo kondakitala salipiritsa mwana wa pamiyendo. Motero mnyamata wa zaka 9 amapindidwa bwinobwino n'kuikidwa pamiyendo pa mayi ake, mapazi ake akuponda pansi limodzi ndi a mayiwo. Pofika pageti amakhala atazolowera ukhanda.

Pagetipo mdani wamkulu ndi mano. Mano a mkaka amayamba kuguluka mwana akafika zaka pafupifupi 6, ndipo mpata wakutsogolowo ndi mboni yosalandira chiphuphu. N'chifukwa chake lamulo loyamba, loperekedwa banja lisanatuluke m'nyumba, ndi lakuti mwana asaseke. Banja lasunga ndalama miyezi ingapo kuti mwanayo akasangalale, koma chisangalalo chiyenera kudikira kaye mpaka tikiti itadulidwa. Pamzere pamaoneka ana odzola mafuta, ovala za ku tchalitchi, atatseka pakamwa ngati ali pamaliro. Amene mano aakulu anamera kale ndiye ali pamavuto oposa, chifukwa mano otambalala otere sakhala m'kamwa mwa mwana wa zaka 4. Ameneyo amapatsidwa chitumbuwa kuti azitafuna mpaka atadutsa.

Mdani wachiwiri ndi mwini zakayo. Mayeso ake amayenda motere:

"Amayi, uyu ali ndi zaka zingati?"

"Folo chabe, abwana. Anangotengera msinkhu wa kwa atate ake."

"Koma amayi, si ndili mu Giredi 3?"

Apa katswiri satekeseka. Amatsina mwanayo mwachinsinsi, n'kufotokoza modekha kuti mwana ameneyu amakonda kulota za sukulu.

Lusoli limakula bwino chifukwa pepala ndi losowa. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka 5 mu Zambia, 14 okha ndiwo kubadwa kwawo kunalembetsedwa ku boma. Kadi ya kusikelo ilipo, koma pa tsiku la ulendo imakhala itanyowa ndi mvula ya chaka chatha. Choncho zaka za mwana zimayenda momasuka, kutsika ndi kukwera. Kale Giredi 1 ankayamba pa zaka 7, ndipo mwana ankayesedwa podutsitsa mkono pamutu kuti agwire khutu la mbali ina. Mwana wa zaka 5 amene mayi ake atopa naye pakhomo ankakhala wa zaka 7 mu Januwale pamaso pa ahedi, n'kubwerera pa zaka 4 mu Ogasiti pamaso pa wodula matikiti. Palibe mankhwala ogulitsidwa ku Soweto Market amene amabweza munthu kuubwana mwachangu chotere.

Akuluakulu nawonso sanatsalire. Mu mpira vutoli linakula mpaka FIFA inayamba kuunika mafupa a padzanja ndi makina a MRI pa mpikisano wa osafika zaka 17 ku Nigeria mu 2009. M'maofesi ena muli mabwana a imvi mpaka m'nsidze amene akhala akuyandikira zaka 60 zopumira pantchito kwa nthawi yaitali osafikako. Poyerekeza ndi amenewa, mayi wa ku Ng'ombe ndi wophunzira chabe: iye amapulumutsa makwacha ochepa, iwo amatsekereza mpando wonse.

Funso la chikumbumtima ndilo lovuta, makamaka m'dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza kukhala lachikhristu mu 1991. Akatswiri a m'komboni anapeza kale mayankho. Ena amati lamulo la m'Baibulo limaletsa kunamizira mnansi, pomwe wapageti amakhala kutali, si mnansi wa aliyense. Ena amati limenelo si bodza, n'kukambirana mtengo basi, monga pogula tomato. Otsutsa kwambiri khalidweli ndi aneba amene ana awo anakula kale, omwewo amene ankabereka kumbuyo mtsikana wotha kuphika nsima.

Pali zina zosaseketsa. Ku Ng'ombe malo osewerera ana ndi osowa, pakuti paliponse pakaoneka mpata pamamera nyumba ya lendi kapena bala. Ana amamenyera chimpombwa mumsewu, kuthawa galimoto ndi madzi a m'ngalande. Akuluakulu ogawa mapuloti sanaiwale kanthu kupatula bwalo la ana. Kholo lofuna kuti mwana wake aponde kapinga ndi kukwera katungwe kamodzi pachaka liyenera kulipira mabasi, geti ndi chakudya, ndipo poti mtengo wa basi sutsika, chotsika ndi zaka.

Ntchito ya lusoli imatha mwana akafika zaka 16 n'kutenga chiphaso cha NRC, pakuti kuyambira pamenepo tsiku lobadwa limamangidwa papepala. Chotsala ndi maphunziro amene mwanayo anatola pamzere. Kholo lomutuma kukagula makala n'kumva kuti chenji yagwa m'njira lisathamangire shamu: mwanayo wangosonyeza kuti pageti paja ankamvetsera.