Ulemu kwa Mfumu Yoliza Anthu Popanda Maliro

Mzinda ukakutidwa ndi chifunga chonunkha, mbiri yonse imapita kwa utsi wa makala ndi wa m'mafakitale. Kukondera kumeneku kwakwana. Mumpweya muli banja lina la makemikolo, la ma peroxide, lomwe limagwira ntchito yaikulu osadzitama, ndipo mwana wake wochenjera koposa ndi peroxyacetyl nitrate, amene akatswiri amangomutchula kuti PAN.

Chosiririka choyamba n'chakuti mkuluyu alibe kwawo. Palibe chumuni chomwe chimamulavula, palibenso galimoto yomwe imamutulutsa. Amabadwira m'mwamba momwemo: nthunzi ya petulo wosapsa bwino ikakumana ndi mpweya wa ma oxide a nayitrojeni wochokera m'injini, dzuwa n'kuwomba, basi PAN wafika. Nanga wapolisi agwire ndani? Dzuwa?

Ufumu wa banjali unaonekera poyera pa 26 Julaye 1943, pamene anthu a ku Los Angeles anapezeka akuyenda misozi ili chuchuchu, maso akuthethetsa, kukhosi kukukanda. Inali nthawi ya nkhondo, choncho ena anangoti asilikali a ku Japan aponya mpweya wa poizoni. Akuluakulu a mzinda analoza chala fakitale ina yopanga mankhwala opangira labala, ndipo inatsekedwa. Chifunga chinabwerabe. Patapita zaka analetsa kuotcha zinyalala kuseri kwa nyumba. Maso anapitiriza kuwawa. Ndi wolakwa uti winanso amene anzake anamusenzera mlandu kwa nthawi yaitali chotere?

Amene anaulula chinsinsi sanali n'komwe katswiri wa utsi. Arie Haagen-Smit, mbadwa ya ku Netherlands yophunzitsa ku Caltech, ankafufuza chomwe chimanunkhiritsa nanazi. Anatenga zida zake za nanazizo, n'kukokera mpweya wa mumzinda m'machubu ozizira kwambiri, ndipo m'madontho omwe anatsalamo anapeza zizindikiro za ma peroxide ndi abale awo. Kenaka anapanga yekha chifungacho m'chipinda choyesera, n'kuonetsanso kuti mpweya wa ozoni wa m'chifungamo umang'alula labala. Pofika 1952 anali atalemba momveka kuti gwero ndi utsi wa galimoto ndi wa malo oyengera mafuta ukaphikidwa ndi dzuwa. Makampani a mafuta ndi a galimoto anayamba atsutsa kaye, monga mwa masiku onse.

Ngakhale pamenepo PAN sanafulumire kutchula dzina lake. Edgar Stephens ndi anzake atamuona mu 1956, anasowa chomutcha, n'kumulemba kuti Compound X.

Luso la manja nalonso ali nalo. Akadutsa m'dimba la letesi kapena sipinachi, amapaka kunsi kwa masamba utoto wonyezimira wa siliva kapena wa mkuwa, osalipiritsa. Kungoti alimi a ku California, anthu osadziwa kuyamika, ankati mbewu zawo zapserera.

Komanso si womana. PAN amasweka msanga kukatentha, koma m'mwamba mozizira amakhala milungu yambiri ali gwa, atafumbata nayitrojeni wa mumzinda, mphepo ikumunyamula mtunda wautali. Akatsikira kofunda amamasula katundu wakeyo, ozoni n'kupangika kumeneko, mwakuti ngakhale wakumudzi amene sanakwerepo galimoto amalandirako gawo lake.

Mkulu wake, hydrogen peroxide, ndi yemwe uja wa m'kabotolo kotsukira mabala ndi kuyeretsera tsitsi. Kumwamba amagwira ntchito ina: amalowa m'timadontho ta mitambo, n'kusandutsa mwachangu mpweya wa salufa wochokera ku malasha kukhala asidi. Ikagwa, ndiyo mvula ya asidi ija. Timadonthoto tikauma, pamatsala tifumbi tosaoneka ndi maso tomwe timafika mkatikati mwa mapapo.

Zachisoni, Los Angeles anaukira mfumu yake. Mu 1968 Haagen-Smit yemweyo anakhala wapampando woyamba wa California Air Resources Board, ndipo kuyambira 1975 galimoto zatsopano zambiri ku America zinayamba kubwera ndi chipangizo chosefera utsi. PAN anachepa kwambiri mumzindawo, ndipo misozi ya masana inauma. Mwamwayi galimoto ndi dzuwa sizisowa kwina: akatswiri amuyezapo ali wathanzi ku Mexico City, ku Santiago ndi ku Beijing, komwe wapezeka ngakhale m'nyengo yozizira.